A Bwezani ndi Uthenga Wobiriwira

Malemu amene agona patsogolo pathupa anabadwa pa 9 Malichi 1974, m'chipinda cha kumbuyo kwa shopu yokonzera mawailesi ya bambo athu. Anali achiwiri m'banja la ana atatu. Oyamba ndi achimwene athu aakulu, aphunzitsi aja akhala pambali pa amayi apo. Womaliza ndine, mlongo wawo. Ndimayendetsa malole a mtunda wautali. Kunyumba amanditcha Chikwama, chifukwa ndimafika nditanyamula ndipo ndimachoka ndisanamasule. Banja landisankha kuti ndiwerenge mbiriyi. Akuti mawu anga ndi okwera. Sindinazolowere kuima malo amodzi. Mundikhululukire ndikamadula mawu.

Tinakulira mumsewu wa mashopu. Phokoso, fumbi, mawaya olendewera. Achemwali ankakhala pansi pa tebulo la bambo, kutola timasikulu togwa n'kumatiika m'zitini, kalikonse ndi anzake. Mu 1982 bambo anawapatsa njinga yakale. Ana onse a mumsewu ankaibwereka. Iwo sankamana munthu. Koma pobweza panali mlandu. Ankaitembenuza, matayala m'mwamba. Kuzunguza. Kufinya mabuleki. Kuyang'ana tcheni. Wobwezayo ankaima pomwepo mpaka amalize. Ankati chinthu chibwere mmene chinapitira. Anzawo anawatcha a Bwezani pofuna kuwaseka. Dzinalo linakakamira. Ngakhale amayi analitengera.

Sukulu anayamba mu 1980. Mu 1988 anapita ku sekondale, ndipo mu 1992 analowa koleji ya zamagetsi. M'kalasi mwawo akazi anali awiri okha. Winayo anasiyira panjira. Iwo anamaliza mu 1996, ndipo chaka chomwecho anayamba ntchito yosamalira makompyuta pa kampani ina yosunga katundu. Kachipinda kawo kanali kopanda zenera, pansi pa masitepe. Ndinapitako kamodzi kukatsitsa katundu. Ndinawapeza atagwada, akupukusa fumbi m'kompyuta ndi pampu ya njinga. Anandiuza kuti ndaima powatchingira kuwala.

M'kachipinda komweko ndi momwe anakumana ndi alamu anga, okonza mafiriji. Makina oziziritsira chipindacho anali atafa. Alamu ankati vuto ndi mawaya a achemwali. Achemwali ankati vuto ndi manja a alamu. Anakangana mpaka madzulo. Anakwatirana pa 14 Ogasiti 1999, ndipo mkanganowo sanaumalize. Mu 2001 anakhala ndi mwana wamkazi, mmodzi yekhayo, amene wakhala kumapazi kwa bokosi uko.

Tsopano ndinene za ntchito yawo yeniyeni. Ambiri a ife tinkangoti ali pa makompyuta. Ine anandifotokozera kangapo, nthawi zina mokalipa. Ndiyesa.

Pansi penipeni pa kompyuta pali pulogalamu yaikulu imene imalamulira zipangizo zonse. Eni ntchito amaitcha kenelo. Imalembedwa ndi anthu ambirimbiri, a m'mayiko osiyanasiyana, osadziwana nkhope. Kompyuta imodzi yaikulu imatha kusunga mkati mwake makompyuta ena ongopangidwa ndi pulogalamu. Amenewo amawatcha alendo. Nthawi zina mlendo amafuna chipangizo chenicheni, chogwirika: khadi ya zithunzi, khadi ya intaneti. Kompyuta yaikulu imamubwereka. Agwiritse yekha, ngati chake. Ngozi ili pamenepo. Mlendo angadutse nacho malire n'kuwerenga za eni ake ena. Angachibweze muli zinsinsi zake, wotsatira n'kuzipeza. Angachibweze chouma gwa, chosadzukanso.

Mwaiona njinga ija. Ntchito ya achemwali inali imeneyo. Analemba timapulogalamu toyesa zimenezi tokha, popanda munthu. Kubwereketsa chipangizo. Kuona ngati chikugwira. Kuona ngati mlendo wakhala m'malire ake. Kuchilanda. Kuchitembenuza, kuzunguza matayala. Timapulogalamuti ankatitcha mayeso. Amayi anakhala zaka akufunsa kuti kodi mayeso a mwanayu sakutha bwanji, anzake anamaliza kalekale.

Anayamba zimenezi mu 2009, mongothandiza, akaweruka kuntchito. Mu 2013 anzawo a ntchito, anthu olemba kenelo aja, analemba dzina lawo kuti ndiwo osamalira mayesowo, ndipo kampani ina inawalemba ntchito kuti azichita zimenezo ali kunyumba. Alamu anawotcherera shelefu yachitsulo m'chipinda cha kumbuyo. Anachotsa mtima wa firiji ya m'shopu n'kupanga choziziritsira. Pa shelefupo panadzaza makina. Akale, atsopano, ena otumizidwa pa positi ndi anthu amene achemwali sanawaonepo. Phokoso lake unkalimva uli pa geti. Fungo la fumbi lotentha. Makina alionse anali ndi dzina lolembedwa pa kapepala komata. Ena amene sankakhazikika, lero agwira mawa akana, anawatcha Chikwama. Ndinadandaula. Anati akasintha khalidwe adzawasintha dzina.

Tsiku lililonse anthu a kutali aja amasintha kanthu mu kenelo. Tsiku lililonse makina a achemwali ankatenga zosinthazo, kuziyesa, n'kuonetsa mtundu. Zobiriwira, zonse zili bwino. Zofiira, wina waswa kanthu. Zikafiira, achemwali ankafufuza kuti waswa ndani, n'kumulembera. Ntchito yopanda zikomo. Zikabiriwira palibe amakumbuka kuti kuli munthu. Zikafiira, amakwiyira munthuyo. Ena ankayankha kuti vuto ndi makina anu okalambawo. Ena ankapempha kuti mayesowo angozimitsidwa kaye, ali pa changu. Iwo ankawerenga mayankhowo mokweza, akusenda lalanje, n'kumayankha mwaulemu woopsa. Pakati pa zimenezo panali ntchito ya manja. Kukankha khadi yomasuka. Kusintha fani. Kupukusa fumbi ndi pampu yomwe ija.

Mu 2016 anapeza chinthu chimene chinawadwalitsa mutu. Khadi ina inali itamasuka pamalo pake. Mayeso akafuna khadiyo n'kuisowa, ankangodumpha, ndipo kudumphako kunkawerengedwa ngati kupambana. Miyezi inapita zili zobiriwira, pamene palibe chinayesedwa. Anzawo anati si nkhani yaikulu. Iwo anati ndiyo nkhani yaikulu kuposa zonse. Analimbana nawo mpaka anavomera mtundu wachitatu, wachikasu, wosonyeza kuti apa sitinafunse. Anandiuza zimenezi ine ndikudya ndili chiimire, ndikuthamangira ulendo. Anati chinthu choopsa si chofiira ayi, koma chobiriwira chimene palibe wachifunsa. Ndinavomera ndi mutu. Ndinkaganiza za dizilo.

Alamu anatisiya pa 2 Okutobala 2018. Choziziritsira chawo chikugwirabe mpaka lero. Mu 2020 mwana anapita ku koleji, tauni ina yakutali, ndipo atamaliza anapeza ntchito komweko. Amayi anali atasamukira kale kwa achimwene. Achemwali anatsala okha m'nyumba ija, iwo ndi phokoso.

Banja linada nkhawa. Inu mukuwadziwa, foni sankayankha. Ankaisiya pa chaja kukhitchini, iwo ali kumbuyo, makutu atadzaza ndi mafani. Amayi ankaimba, osayankhidwa, n'kuyamba kulira. Achimwene ankaimbira ine. Ine ndili pa mzere wa malole, dziko lina. Tinawakakamiza kuti asamuke, kapena apeze wokhala naye. Anakana. Makina sangasamuke, anatero, ndipo munthu wabwinobwino sangagone pa phokoso limenelo.

Ndiye anapeza njira yawoyawo. M'mawa uliwonse ankadzuka, kumwa tiyi, kukhala pansi n'kuona zotsatira za mayeso ndi maso awo. Akakhutira, ankadina batani ndi chala chawo, ndipo uthenga unkapita kwa anzawo a ntchito. Anangowonjezera manambala athu pamenepo. Ya amayi, ya achimwene, ya mwana, yanga. Anati tikaona uthengawo tidziwe kuti adzuka, amwa tiyi, ali pa ntchito, ndipo tisawavutitse. Amayi chilankhulo cha uthengawo sachidziwa. Anaphunzira kadontho ka pamwamba. Kakabiriwira ankati mwana wadzuka bwino. Kakafiira ankati lero musamuyandikire, wina wamuputa.

Tinaikonda njirayo. Ndinene zoona, inatimasula tonse. Ine uthengawo unkandipeza paliponse. Pa sikelo yoyezera malole. Pansi pa lole, ndikumanga payipi. M'chipinda cha alendo chonunkha mankhwala a udzudzu. Foni kunjenjemera, kadontho kobiriwira, basi ndabweza m'thumba. Mafoni oimba anachepa. Kenako anatha. Panalibe mkwiyo. Tinkamva ngati tikulankhulana tsiku lililonse.

Kuyambira mu 2021 achemwali anayamba kufunafuna wowathandiza. Chaka chilichonse ankalembera anzawo aja kuti mayesowa ali m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo akukula. Mayankho ankabwera okoma. Ntchito yabwino. Pitirizani. Mmodzi anavomera, anaphunzira pang'ono, kenako anapeza ntchito ina n'kusowa. Aliyense amafuna kulemba zatsopano. Palibe amafuna kupukusa fumbi. Ndipo anthu amenewa ali ndi lamulo lawo. Ntchito ikasowa woisamala amailemba kuti ndi yamasiye. Ikakhala yamasiye nthawi yaitali, amaifufuta. Achemwali ankalidziwa lamulolo. Anali atafufutapo za ena ndi manja awo.

Mu Novembala 2023 anawapeza ndi matenda a impso. Kwa ife anati ndi kutopa chabe. Adokotala ankafuna kuti agonekedwe. Iwo ankazengereza. Akachoka, adina batani ndani? Uthenga ukasiya kupita, anthu aja ayamba kuona ngati mayeso afa. Anapirira chaka chathunthu ndi miyezi, miyendo ikutupa, akugwira khoma popita kumbuyo kuja. Mu Febuluwale chaka chino anavomera kuti adzagonekedwa mwezi wa Juni. Koma anayamba akonza kaye chinthu chimodzi. Analemba kuti uthenga uzipita wokha m'mawa uliwonse, popanda chala cha munthu.

Anzawo a ntchito anasangalala. Mwana wationetsa mayankho awo. Ndi nthawi yokhayo m'zaka zonsezi imene anthu ambiri anawathokoza. Ankati tsopano ntchito sidaliranso munthu. Achemwali analemba za kusinthako m'munsi mwa uthenga womwewo, kamzere kamodzi, m'chilankhulo cha ntchito. Kwa iwo kumeneko kunali kutiuza. Kamzereko kakhala kakubwera pa mafoni athu tsiku ndi tsiku kuyambira Febuluwale. Ife tinkaona kadontho.

Pa 3 Juni 2025, mayi osoka zovala a khomo loyandikana anaona chinthu. Zovala za achemwali zinali pa chingwe. Zinavumbwa ndi kamvula ka nyengo yozizira, zinauma, zinavumbwanso. Mayiwa amawadziwa a Bwezani. Munthu wowerengera mapegesi ake sangasiye zovala pa mvula. Anagogoda. Anamva phokoso la makina lokha. Anaitana alandilodi, ndipo anathyola chitseko. Anawapeza achemwali pansi m'kanjira ka pakati pa chipinda chogona ndi chipinda cha makina. Anali amoyo. Milomo itasweka. Foni ili pa chaja kukhitchini. Adokotala sanathe kunena kuti anagona pamenepo masiku angati. Ife sitinafunsenso.

M'masiku amenewo uthenga unafika m'mawa uliwonse. Wobiriwira. Amayi ankati mwana wadzuka bwino. Mwana anaimba tsiku lina, foni sinayankhidwe, ndipo zimenezo sizinali zachilendo. Achimwene anali pa ntchito yochonga makope. Ine ndinali pa msewu. Palibe anachita choipa. Aliyense anachita zomwe tinapangana. Ndimafuna pakanakhala munthu woti timuloze. Palibe.

Ndinasiya lole pa malo omwetsera mafuta n'kukwera basi. Ndinawapeza m'chipatala, pa bedi la pafupi ndi zenera, machubu m'mikono. Anali ang'onoang'ono. Masana amodzi okha ndi pamene mutu wawo unayera. Anandiona n'kufunsa ngati ndamasula chikwama ulendo uno. Ndinawauza kuti sitinadziwe. Kuti tinkaona zobiriwira tsiku lililonse. Anatseka maso. Ndinaganiza kuti agona. Kenako anati:

"Makina amayankha zomwe wawafunsa basi, iwe Chikwama. Za ine sindinawauze kuti azifunsa. Pamenepo panayenera kukhala pachikasu."

Sanatidzudzule. Ankalankhula ngati munthu amene wapeza cholakwika m'ntchito yake ndipo manja alibe mphamvu yokonzera. Anafunsa ngati wina wapukusa fumbi kumbuyo kuja. Ndinanama kuti inde. Anapempha mwana kuti alemberenso anzawo aja za wosamalira mayeso. Mwana analemba ali pomwepo, pa mpando wa pulasitiki. Yankho silinafike iwo ali moyo. Anamwalira pa 11 Juni 2025, ali ndi zaka 51.

Uthenga wa imfa utawafika, anzawo a ntchito analemba ambiri. Mawu abwino, ochokera kutali. Tawalandira ndipo tikuthokoza. Ena ndi omwe aja ankati makina ndi okalamba. Mwana anawafunsa kuti atenge makinawo ndani. Anayankha mwaulemu. Wina alibe malo. Wina alibe nthawi. Wina akufunsa kaye abwana ake. Pa 14 Juni dzina la achemwali linachotsedwa, ndipo pamalo pake analembapo kuti ntchitoyi ndi yamasiye. Akuti pakapanda kupezeka munthu, aifufuta. Alandilodi nawo akufuna nyumba yawo mwezi uno ukatha. Si nkhanza. Nyumba ndi yawo, ndipo chitseko anakonza okha.

Chotsala ndi ichi, abale. Uthenga ukubwerabe. Mwana wayesa kuchotsa manambala athu. Makina akufuna mawu achinsinsi, ndipo mawuwo agona m'bokosimu. Njira ndi imodzi, kuzimitsa zonse. Amayi akukana. Akuti tiwasiyire, mwana wawo akuwadzutsa. M'mawa uliwonse amatenga foni, kuona kadontho, n'kuyamba kunena mawu aja, kenako amakumbuka. Tsiku lililonse amamva imfayi kachiyambi. Lero m'mawa, pamene tinkatsitsa bokosi m'galimoto, mafoni athu ananjenjemera pamodzi. Ena mwa inu munaona tikuyang'anana. Zinali zobiriwira. Zonse zili bwino.

Dzulo banja linakhala pansi. Tagwirizana kuti makina azimitsidwa Loweruka lomaliza la mwezi uno. Wozimitsa ndine. Achimwene amakhala ndi amayi nyumba imodzi. Mwana sangathe, ndi shelefu ya bambo ake, ndi ntchito ya mayi ake. Ine mawa lake ndidzakhala nditachoka. Amayi akafuna wokwiyira, akwiyire munthu amene palibe. Ndavomera. Sindidziwa n'komwe kuzimitsa kwake. Achemwali ankaletsa kuzula pa khoma. Ankati makina amayenera kumaliza kaye, abweze zomwe abwereka. Ndidzazula pa khoma.

Ndapemphedwa kuti ndilengeze. Ngati pakati panu pali wodziwa ntchito imeneyi, kapena wodziwa munthu woidziwa, aonane ndi mwana mwezi usanathe. Makina atenga ulere, shelefu ndi choziziritsira chomwe. Ndinyamula ndine, kulikonse kumene kuli msewu. Ndalengeza. Ndayang'ananso nkhope zanu. Tiyeni tipitirize.

Malemu asiya mayi awo owabereka, amene aikapo kale mwamuna ndi mkamwini, ndipo lero akuika mwana. Asiya mwana mmodzi wamkazi. Asiya alongo awiri, achimwene aakulu ndi ine, pamodzi ndi alamu awo akazi awiri ndi ana a alongo awo asanu. Asiyanso chipinda cha kumbuyo chikulira.

Banja likuthokoza mayi osoka zovala, amene anakhulupirira maso awo. Inu mayi, munalibe uthenga pa foni. Munali ndi chingwe cha zovala. Chifukwa cha inu tinawapeza akulankhula. Tikuthokoza alandilodi chifukwa chothyola chitseko chawo chomwe osafunsa kawiri. Tikuthokoza anamwino a kuchipatala kuja, amene ankawanyowetsa milomo ndi thonje. Tikuthokoza anzanga a malole amene apereka galimoto, anzawo a mwana a kuntchito, aneba amene aphika ndi kunyamula mipando, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu n'kubwera ndi miyendo yanu kudzaona nokha.

Achemwali. A Bwezani. Tinakubwerekani, ndipo lero tikukubwezani kwa Mwini wake. Simukubwerera mmene munabwerera. Mukanakhala inu wolandira, mukanatiimika pomwepo, n'kutembenuza, n'kutifunsa kuti chobwerekachi tinkachisunga bwanji.

Mawa m'mawa mafoni athu alira ndi dzina lanu. Inu musadzuke. Gonani. Mzimu wanu uuse mumtendere.